Katuni imafera pa ulendo: samalani posamutsa zojambula

Wolemba: Mtolankhani Wathu

TETE — Ntchito yopanga makatuni, imene kale inkafuna nyumba yodzaza ndi ojambula, opaka utoto ndi ogwira kamera, lero munthu mmodzi angathe kuichita pa kompyuta imodzi, mwinanso pa foni. Ena mwa mapulogalamu ochitira ntchitoyi ndi aulere. Komabe pali malo amodzi pamene ongoyamba kumene amapunthwa kawirikawiri, ndipo malowo ndi pa nthawi yochotsa chithunzi mu pulogalamu imene chajambulidwira, kupita nacho ku pulogalamu ina imene ichititse kuti chiyende.

Munthu amatha masiku atatu akukonza chithunzi chake bwinobwino, mutu pawokha, mikono payokha, nyumba ndi mitengo pazokha. Akachitsegula ku pulogalamu yachiwiri, amapeza zonse zamatirirana n'kukhala chithunzi chimodzi chouma, choti sangasunthepo ngakhale chala. Mwina amapeza mikono ndi miyendo zaunjikana pakati, kapena mitundu yazirala, kapena zilembo zasintha. Ngati anali atalonjeza kuti kanemayo apereka Lachisanu, ndiye kuti wataya ndalama, ndipo mwini ntchito sadzabweranso.

Owerenga, vuto limeneli lili ndi chifukwa chake, ndipo lili ndi mankhwala ake. Kuti timve bwino, tiyambire kumene nzeruyi inachokera.

Nzeru ya masamba osanjikiza

Kanema ndi zithunzi zambiri zoima zimene zimaonetsedwa mothamanga motsatizana, mpaka maso anyengedwe kuti akuona chinthu chikuyenda. Ku sinema zimapita 24 pa sekondi imodzi. Oyamba kupanga makatuni ankajambula chilichonse mobwereza pa pepala lililonse. Winsor McCay wa ku America, popanga katuni ya Gertie the Dinosaur imene inatuluka mu 1914, anagwiritsa mapepala zikwizikwi, ndipo womuthandiza wake ankabwereza miyala ndi mitengo ya kumbuyo pa pepala lililonse, ngakhale kuti miyalayo sinkasuntha.

M'chaka chomwecho cha 1914, Earl Hurd anapempha chiphaso cha boma la America choteteza njira yake yatsopano. Njirayo inali yakuti malo a kumbuyo ajambulidwe kamodzi kokha, ndipo chimene chikuyenda chijambulidwe pa masamba a celluloid, amene ali ngati pulasitiki ndipo amaonekera ngati galasi. Tsamba limaikidwa pamwamba pa malo a kumbuyo aja, kamera imajambula, kenaka amachotsa tsambalo n'kuikapo lina. Wojambula wina wobadwira ku Canada, Raoul Barré, ndi amene amadziwika ndi nzeru yoboola timabowo m'mphepete mwa masamba ndi kuwakoleka pa zikhomo, kuti tsamba lililonse ligwere pamalo amodzimodzi. Zikhomo zimenezi muzikumbukire, chifukwa tikumana nazonso kutsogoloku.

Mu 1937 kampani ya Walt Disney inatulutsa katuni yaifupi ya The Old Mill, imene inapata mphotho ya Oscar. Apa zojambula zinaikidwa pa magalasi otalikirana pansi pa kamera, ndipo galasi lililonse linkayendetsedwa pa liwiro lakelake. Zotsatira zake zinali ngati zimene mumaona pa zenera la basi: mitengo ya m'mbali mwa msewu imathamanga, pamene phiri lakutali limayenda pang'onopang'ono.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, William Hanna ndi Joseph Barbera anafunika kupangira wailesi ya kanema makatuni ambiri ndi ndalama zochepa. Iwo anagawa thupi lenilenilo: thunthu pa tsamba limodzi losasuntha, mutu pa lina, pakamwa pa linanso. N'chifukwa chake Yogi Bear amavala kolala ndi tayi, kuti mpata wa pakati pa mutu ndi thupi ubisike.

Masamba a celluloid anali ndi vuto lawo. Sanali oyera kotheratu, choncho ukasanjikiza oposa anayi kapena asanu, za pansi zinkayamba kuda, ndipo opaka utoto ankasakaniza mitundu mosiyanitsa pang'ono kuti khungu la mkono lifanane ndi la nkhope.

Masamba alowa m'kompyuta

Disney pamodzi ndi kampani ya Pixar anakonza makina otchedwa CAPS. Anawayesa pa kachigawo kamodzi ka kumapeto kwa The Little Mermaid mu 1989, ndipo mu 1990 anapanga nawo The Rescuers Down Under yonse popanda tsamba la celluloid. The Lion King ya mu 1994 inapangidwanso motero. Ojambula ankagwirabe pensulo ndi pepala, koma kupaka utoto ndi kusanjikiza kunkachitika m'kompyuta, mmene masamba angachuluke popanda kuda.

Makinawo anali a Disney okha. Kwa anthu wamba, khomo linatsegulidwa ndi Photoshop, pulogalamu ya abale awiri, Thomas ndi John Knoll, imene inatuluka mu 1990. Mu 1994, pa mtundu wake wa 3.0, inayamba kulola kusanjikiza masamba. Pulogalamu yoyendetsa zithunzi ya After Effects inatuluka mu 1993 kuchokera ku kakampani kakang'ono ka CoSA mumzinda wa Providence, kenaka inagulidwa ndi Aldus, ndipo mu 1994 inalowa m'manja mwa Adobe, mwini wa Photoshop. Chifukwa chokhala pa khomo limodzi, mapulogalamu awiriwa amamvana bwino kufikira lero.

Aulere aliponso. GIMP ndi Krita ndi ojambulira, ndipo Krita inayamba kupanganso makatuni mu 2016. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, kampani ya Dwango ya ku Japan inapereka kwaulere OpenToonz. Iyi inachokera ku Toonz, pulogalamu ya ku Italy imene Studio Ghibli inayamba kugwiritsa ntchito pa Princess Mononoke ya mu 1997.

Masamba a m'kompyutawa, pulogalamu yanu ikakhala ya Chipwitikizi imawatcha camadas. Ikakhala ya Chingerezi imawatcha layers, ndipo odziwa ntchitoyi amangoti ma layer. Dzina lasintha, koma ntchito ndi yomwe ija ya Earl Hurd.

Pulogalamu iliyonse ili ndi chilankhulo chake

Wina afunsa kuti bwanji osamalizira zonse mu pulogalamu imodzi. N'zotheka nthawi zina. Koma pulogalamu yojambulira imaposa pa maburashi ndi mitundu, pamene yoyendetsera imaposa pa kusunga nthawi: mumaiuza kuti mkono uli m'mwamba pa sekondi yoyamba ndipo uli pansi pa yachiwiri, iyo n'kudzaza yokha zapakati. Choncho ambiri amajambulira kwina n'kukayendetsera kwina.

Tsono pulogalamu iliyonse imasunga ntchito mwa njira yake. Photoshop imasunga mu fayilo ya PSD, Krita mu KRA, GIMP mu XCF. Fayilo yotere simangosunga mitundu yokha. Imasunganso dzina la layer iliyonse, malo ake, imene ili pamwamba pa inzake, mithunzi imene pulogalamu yawonjezera yokha, ndi mtundu wa zilembo. Pulogalamu yachiwiri ikalandira fayiloyo, imawerenga zimene ikuzidziwa. Zimene sikuzidziwa imazitaya kapena kuzisintha, ndipo kawirikawiri sikuuzani.

Fayilo yoopsa kwambiri pa ntchito imeneyi ndi imene tonse tinaizolowera, JPEG. Ndi yabwino pa zithunzi za ukwati, koma sidziwa ma layer ndipo sidziwa malo oonekera. Mukasunga ntchito mu JPEG, zonse zimaphwanyidwira pamodzi, ndipo pamene panali poonekera pamadzazidwa ndi mtundu umodzi, kawirikawiri woyera. Amene anagwirapo ntchito ku wailesi amadziwa kuti mawu a muulutsi ndi nyimbo zikasakanizidwa pa tepi imodzi, sungachotsenso nyimboyo n'kusiya mawu. Chimodzimodzi nsima ikapsa, palibe amene angalekanitse ufa ndi madzi.

Chitsanzo cha mayi wa pamtondo

Tiyerekeze kuti mukufuna kupanga katuni ya masekondi 30, yoonetsa mayi akusinja chimanga pakhomo, nkhuku ikutolatola pansi. Musanagwire burashi, khalani pansi ndi pepala, mulembe chilichonse chimene chidzasunthe. Lamulo ndi limodzi: chimene chidzasunthe pachokha chikhale pa layer yakeyake.

Kuyambira kumbuyo pali thambo, phiri, nyumba ndi bwalo. Kenaka pali mayiyo: miyendo ndi chitenje, thunthu, mutu, maso, pakamwa. Mkono uliwonse ugawike pawiri, kuchokera pa phewa kufika pa chigongono, ndi kuchokera pa chigongono kufika ku dzanja. Musi ukhale pawokha.

Mtondo ndi umene umakola ambiri. Ngakhale susuntha, uyenera kukhala pa ma layer awiri: mbali ya kumbuyo pamodzi ndi chimanga, ndiponso mbali ya kutsogolo. Musi umaikidwa pakati pa awiriwa. Mukapanda kutero, musi udzaoneka ukugunda kunja kwa mtondo, kapena ukulowa kuseri kwake.

Chachiwiri, jambulani ndi zobisika zomwe. Mkono ukakwera m'mwamba, chifuwa chimene chinali kuseri kwake chimaonekera. Ngati simunachipake utoto, padzaoneka chibowo. Khoma la nyumba nalonso likhale lathunthu ngakhale pamene mayiyo waliphimba. Pa mfundo za thupi, monga phewa, chigongono ndi khosi, mapeto a chiwalo akhale obulungira ndipo alowe pang'ono pansi pa chinzake, kuti chikazungulira pasatseguke mpata.

Chachitatu ndi mayina. Pulogalamu ikasiyidwa yokha imatcha ma layer kuti Camada 1, Camada 2, mpaka Camada 40. Mukafika ku pulogalamu inayo mudzatha ola lathunthu mukufunafuna chigongono. Lembani mayina omveka okhala ndi manambala, monga 01_thambo, 02_phiri, 11_mkono_wamanja. Dzina lisafanane ndi linzake. M'mayina a mafayilo pewani zilembo zokhala ndi zizindikiro monga ã, ç ndi ŵ, chifukwa makina ena amazisokoneza.

Chachinayi ndi kukula. Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa pixel. Kanema wa masiku ano kawirikawiri amakhala timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali, ndipo wa pa foni woimirira amakhala 1080 ndi 1920. Sankhani chimodzi musanayambe. Ngati kamera idzayandikire nkhope ya mayiyo, jambulani nkhopeyo yaikulu kawiri, chifukwa chithunzi chaching'ono chikakulitsidwa chimachita chifunga. Ngati kamera idzayende cham'mbali, bwalo ndi phiri zikhale zotambalala kuposa kanemayo. Koma musapitirire muyezo. Layer imodzi yodzaza ya 1920 ndi 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo imadya malo oposa pang'ono 8 MB m'kompyuta ikamagwira ntchito. Ma layer 40 otere amapitirira 300 MB, zimene zimalemetsa kompyuta yakale.

Chotsiriza, onetsetsani kuti mitundu ili pa RGB, imene ndi ya pa galasi la kompyuta ndi la wailesi ya kanema. CMYK ndi ya osindikiza pa pepala. Amene anazolowera kukonza zikwangwani ndi makalendala amaiwala kawirikawiri kusintha zimenezi, ndipo mitundu yawo imafika ku kanema itasintha.

Njira yoyamba: fayilo imodzi yonyamula zonse

Njira yachidule ndi kusunga ntchito mu PSD, chifukwa ngakhale fayiloyi ndi ya Adobe, mapulogalamu ambiri anaphunzira kuiwerenga. Krita ndi GIMP amatha kuilemba, ndipo After Effects ndi OpenToonz amatha kuitsegula ma layer ali padera.

Koma samalani ndi funso limene pulogalamu imafunsa polandira. After Effects imapereka njira zitatu. Yoyamba, yotchedwa Footage, imatenga chithunzi chophwanyidwa kale kapena layer imodzi yokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amakanikiza mofulumira n'kudabwa kuti ma layer apita kuti. Yachiwiri, Composition, imabweretsa ma layer onse, iliyonse ili yaikulu ngati chithunzi chonse. Yachitatu imabweretsanso onse koma iliyonse pa msinkhu wa chimene chajambulidwapo, ndipo imeneyi ndi imene imathandiza poyendetsa ziwalo za thupi.

Mukalowetsa, ntchito yoyamba ndi kusuntha kadontho kamene layer imazungulirapo. Pulogalamu imakaika pakati pa layer. Mukakasiya pomwepo, mkono wa mayi uja udzazungulira ngati mpini woponyedwa m'mwamba. Kadonthoko kapite pa phewa, ka mkono wa m'munsi kapite pa chigongono, ka mutu kapite pa khosi. Mukatero mangirirani dzanja ku mkono, mkono ku thunthu, kuti chimodzi chikasuntha chinzake chitsate.

Amene amajambula ndi Illustrator adziwe kuti After Effects imalekanitsa ma layer akuluakulu okha. Tizidutswa timene taikidwa m'kati mwa layer imodzi timafika titamatirira, choncho tiyenera kutulutsidwa, kalikonse kakhale layer payokha, fayilo isanasamuke.

Dziwaninso kuti After Effects simeza fayilo yanu, imangokumbukira pamene ili. Mukaisuntha, kapena mukapita ku kompyuta ya mnzanu mutanyamula ntchito ya After Effects yokha, mudzapeza mizeremizere ya mitundu pamene panali zithunzi. Ikani zonse m'chikwatu chimodzi, chimene pa Chipwitikizi amati pasta, ndipo posamuka nyamulani chikwatu chonsecho.

Mapulogalamu aulere alinso ndi fayilo yawo yogwirizana, yotchedwa OpenRaster kapena ORA, imene inaganiziridwa mu 2006 pa msonkhano wa opanga mapulogalamu aulere ojambulira ku Lyon, m'dziko la France. Krita, GIMP ndi MyPaint amaiwerenga. Ubwino wake ndi wakuti ilibe chinsinsi: mukasintha mapeto a dzina lake kukhala zip n'kuitsegula, mupezamo layer iliyonse ili chithunzi payokha, ndi kakalata kofotokoza mndandanda wake.

Njira yachiwiri: tsamba lililonse palokha

Mapulogalamu awiri akakana kumvana, pali njira yochedwa koma yodalirika. Tulutsani layer iliyonse ngati fayilo ya PNG. Mtundu uwu wa fayilo unakhazikitsidwa mu 1996, ulibe mwini woulipiritsa, suwononga chithunzi, ndipo umasunga malo oonekera. Pafupifupi pulogalamu iliyonse yoyendetsa zithunzi imaulandira.

Apa ndi pamene zikhomo za Raoul Barré zibwereranso. PNG sidziwa pamene mkono unali pa thupi. Mukatulutsa mkono wodulidwa m'mphepete mwake, pulogalamu yachiwiri idzauika pakati, pamodzi ndi mutu, miyendo ndi musi, mulu umodzi. Koma mukatulutsa layer iliyonse pa kukula kwa chithunzi chonse, 1920 ndi 1080, malo otsalawo ali oonekera, ndiye kuti mukazisanjikiza chilichonse chigwera pamalo pake. Ngodya zinayi za chithunzi ndizo zikhomo zanu. Manambala a m'mayina aja adzakuuzani chokhala pansi ndi chokhala pamwamba.

Tulutsaninso chithunzi chimodzi chathunthu, choonetsa mmene zonse ziyenera kuonekera. Chiikeni pamwamba mu pulogalamu yachiwiri, muzichiyatsa ndi kuchizimitsa. Chimene chasuntha kapena chasintha mtundu chidzaonekera pomwepo.

Nkhuku ija mwina mwaijambula ikuyenda, chithunzi ndi chithunzi, mu Krita kapena pa foni mu FlipaClip. Musaitulutse ngati kanema wa MP4, chifukwa MP4 wamba sasunga malo oonekera, ndipo nkhukuyo idzafika ili m'bokosi lakuda kapena loyera. Itulutseni ngati mndandanda wa zithunzi za PNG: nkhuku_0001, nkhuku_0002, mpaka mapeto. Maziro a kutsogolowo ndi ofunika, chifukwa popanda iwo makina ena amaika 10 patsogolo pa 2.

Chenjezo lina likupita kwa amene amatumizirana ntchito pa WhatsApp. Mukatumiza PNG ngati chithunzi wamba, WhatsApp imaipanikiza kuti ichepe, ndipo malo oonekera aja amatayika. Tumizani ngati chikalata, kapena mangani zonse mu zip imodzi.

Zimene zimatsala panjira

Pali zinthu zitatu zimene zimavuta kuwoloka, makamaka pakati pa mapulogalamu a makampani osiyana.

Choyamba ndi zokongoletsa zimene pulogalamu imawerengera yokha: mthunzi wogwa kuseri, kuwala kwa m'mphepete, ndi ma layer osinthira mitundu ya zonse za pansi pake. Zimenezi si utoto weniweni, ndi malangizo chabe, ndipo pulogalamu ina mwina siwamva. Mankhwala ake ndi kuzisandutsa utoto weniweni pa layer yake musanasamuke. Chitani zimenezi pa kope, fayilo yoyambirira muisiye mmene ilili.

Chimodzimodzi mithunzi yoikidwa pa njira yotchedwa Multiply, imene imadetsa za pansi popanda kuzibisa. PNG siikumbukira njirayi. Mthunzi wa pansi pa mtondo udzafika ngati chibanga chotuwa, mpaka mutaiuzanso pulogalamu yachiwiri kuti layer imeneyi ndi ya Multiply. Lembani mawuwo m'dzina la fayilo kuti musaiwale.

Chachiwiri ndi zilembo. Fayilo imasunga dzina la mtundu wa zilembo, koma sinyamula zilembozo. Kompyuta yachiwiri ikapanda kukhala nazo, imaikapo zina. Kwa ife olemba Chichewa ndi Chipwitikizi vutoli limakula, chifukwa mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsa ilibe ŵ, ina ilibe ã ndi ç, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi. Sandutsani mawuwo chithunzi, kapena alembereni mu pulogalamu yomaliza.

Chachitatu ndi kamzere koyera kapena kakuda kozungulira munthu, ngati wadulidwa ndi lumo m'magazini. Nthawi zina kamabwera chifukwa munajambula pa pepala loyera n'kufufuta mosamaliza. Nthawi zina ndi chifukwa chakuti mapulogalamu ali ndi njira ziwiri zowerengera timadontho ta m'mphepete timene timaonekera pang'ono, zotchedwa straight ndi premultiplied. Pulogalamu ikaganiza njira yolakwika, sinthani kupita ku inayo ndipo kamzereko kachoka. Kuti muone msanga, ikani munthu wanu pa malo akuda bii, kenaka pa malo oyera mbee.

Mawu ayambe, zithunzi zitsate

Opanga makatuni akhala akujambula mawu poyamba, zithunzi pambuyo, chifukwa n'kosavuta kuyendetsa milomo motsata mawu kusiyana ndi kuuza munthu kuti alankhule motsata milomo. Jambulani mawu mu WAV pa 48,000 Hz, umene ndi muyezo wa kanema. Mawu a munthu, kugunda kwa musi ndi nyimbo zikhale pa mafayilo osiyana, pakuti nawonso ndi ma layer.

Chichewa chimapeputsa ntchito ya pakamwa. Tili ndi a, e, i, o, u basi. Wonjezerani milomo yotseka ya m, b ndi p, ndi mano pa mlomo a f ndi v. Zojambula zisanu ndi ziwiri zimenezi, chilichonse pa layer yake ndipo zonse pamalo amodzi, zikwanira kuti mayi uja alankhule chilichonse.

Sankhaninso liwiro limodzi n'kukhala nalo m'mapulogalamu onse. Sinema imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi, wailesi ya kanema ya kuno kwathu ndi ya ku Ulaya pa 25, ya ku America pafupifupi 30. Katuni yathu ya masekondi 30 pa liwiro la 25 ili ndi zithunzi 750. Tsono mndandanda wa PNG sunena liwiro lake, ndipo After Effects, mukapanda kuiuza, imaganiza kuti ndi 30. Zithunzi 750 zija zidzatha pa masekondi 25, mayi atatseka pakamwa mawu ake akupitirirabe. Sikuti muyenera kujambula zithunzi 750 zosiyana ayi. Kuyambira kale ojambula amaonetsa chojambula chimodzi kawiri motsatizana, ndipo maso amakhutira.

Langizo lopulumutsa nthawi kwambiri ndi ili: yesani njira yonse tsiku loyamba. Jambulani mwachisawawa ma layer atatu, bwalo, thupi ndi mkono. Asamutseni, yendetsani mkonowo masekondi awiri, ikani mawu, tulutsani MP4, muonere pa foni. Ngati pali chokanika, mwataya theka la ola lokha. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba.

Sungani chimene mungatsegule mawa

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene imaoneka patapita zaka. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makatuni ochuluka a pa intaneti ankapangidwa ndi Flash. Pa 31 Disembala 2020, Adobe inasiya kusamalira Flash Player, ndipo mapulogalamu oonera intaneti anasiya kusewera mafayilo ake. Zambiri zimene zikuonekabe lero zinapulumutsidwa ndi anthu odzipereka, monga opanga Ruffle ndi a Internet Archive. Komanso kuyambira 2013, Adobe inasiya kugulitsa mitundu yatsopano ya Photoshop ndi After Effects kamodzi n'kamodzi, ndipo imalipiritsa pa mwezi kapena pa chaka. Mukalephera kulipira, pulogalamu imatseka, ndipo ntchito imene inasungidwa mwa njira ya pulogalamuyo yokha imakhala ngati katundu wotsekeredwa m'nyumba ya lendi.

Choncho katuni ikatha, MP4 yokha si yokwanira. Iyo ndi nsima yophikaphika, yabwino kudya lero. Mwini ntchito akadzabwera chaka chamawa kuti mawu asinthidwe kuchoka m'Chichewa kupita m'Chinyungwe, kapena kuti kanemayo aimirire kuti akwane pa foni, mudzafuna ufa. Sungani zinthu zinayi m'chikwatu chimodzi: fayilo yoyambirira yokhala ndi ma layer onse, layer iliyonse mu PNG, mawu onse padera, ndi kakalata konena kukula kwa chithunzi, liwiro ndi mtundu wa zilembo. Chikwatucho chikhale pa malo awiri osiyana, pakuti magetsi amazima osatsanzika ndipo flash imasowa. Pogwira ntchito, sungani ndi manambala, mtondo_01, mtondo_02, kuti fayilo imodzi ikawonongeka mubwerere ku ya dzulo.

Mapulogalamu adzabwera ena, enanso adzatha monga inathera Flash. Amene wasunga mkono pawokha, mutu pawokha ndi mawu pawokha adzatha kulowa nazo mu pulogalamu iliyonse imene idzakhalepo. Amene waphwanyira zonse pamodzi adzayambiranso kujambula, pakuti madzi akatayika saoleka.